Chingwe Chikhwime Kaye

Chingwe chatsopanocho chinabwera m'kabokosi kathabwa koyala nsalu yofewa m'kati, ngati ndi mkanda wa mkwatibwi. Mayi a Mzime atangokaona kabokosiko patebulo anadziwiratu kuti maondo awo apeza ntchito. Anali atangofika kumene kuchokera kusitolo ya magalasi a maso kumene amagwira ntchito, ataima tsiku lonse kuseri kwa kauntala, nsapato asanavule n'komwe, koma amuna awo anali atayamba kale kuitana ali kuchipinda chakumapeto, ati achite changu kukadali kowala.

Amuna awowo oimba onse ankawatcha a Makutu, ndipo dzinali silinali lachipongwe ayi, analikhetsera thukuta. Ntchito yawo inali yomalizitsa nyimbo. Oimba akajambula nyimbo zawo ku situdiyo ankabwera nazo kwa iwo kuti azipale, azisalaze, apa achepetse, apo awonjezere, zisanatuluke kupita kwa anthu. M'masiku awo, bambo ameneyu ankatha kuimitsa nyimbo pakati n'kunena kuti woimba gitala anavala wotchi yachitsulo tsiku lojambula, ndipo anthu akakafunsa ankapeza kuti n'zoonadi. Makompyuta aja oonetsa nyimbo ngati mapiri ndi zigwa ankawanyoza. Ankati nyimbo saonera, amamvera, ndipo pogwira ntchito ankatsinzina.

Koma zaka zaposachedwapa ntchito inali itayamba kuzilala. Oimba ankabwera kamodzi, n'kuthokoza ndi manja awiri, osadzaonekanso. A Makutu ankati vuto ndi magetsi. Magetsi a masiku ano ndi akuda, ankatero, chifukwa mafiriji a anthu oyandikana nawo, machaja a mafoni, ndi makina owotcherera zitsulo a pakona paja, zonsezi zimathira litsiro m'mawaya. Litsirolo likalowa mu ampulifaya limaphimba mawu a pamwamba, aja oonda onyezimira, a mbale zamkuwa za woimba ng'oma ndi a mpweya wa munthu akamapuma asanayambe mzere. Mankhwala ake chinali chingwe chabwino cha magetsi, chochokera pasoketi ya pakhoma kukalowa mu ampulifaya. Ndiye zingwe zinayamba kulowa m'nyumba: chamkuwa wosasakaniza, chokutidwa ndi siliva, choluka ngati tsitsi, china chimene akuti anachiika kaye m'chisanu choopsa kuti chikhazikike mtima. Chilichonse chikafika chinkakhala chomaliza, mpaka chinzake chifike.

Wogulitsa zingwezi anali bambo wina wa sitolo ya zoimbira, wolankhula motsitsa ngati dokotala woona wodwala kwambiri. Sanali wakuba, tisamunamizire, nayenso ankazikhulupirira ndi mtima wonse. Akabwera, iye ndi a Makutu ankatha masana onse akukambirana kuti chingwe ichi n'chofatsa, icho n'chaliwiro, china chili ndi besi yomanga lamba. Mayi a Mzime ankawapatsa tiyi n'kumadabwa kuti waya wayamba liti kukhala ndi khalidwe. Anafunsapo kamodzi, kalekale, kuti magetsi ayenda mtunda wonse uja pa mawaya wamba otera mbalame, ndiye kachidutswa kotsiriza kotalika ngati mkono kangasinthe chiyani. Ee, anaputa mavu. Anaphunzitsidwa mpaka chakudya chinazizira, kuti kachidutswako si kotsiriza koma koyamba ukakhala kumbali ya makina, ndiponso kuti madzi nawo amayenda mtunda wautali m'mapaipi a dzimbiri koma sefa timaika pampopi. Iwo za magetsi sankazidziwa, ndipo mwina zinali zoona. Sanafunsenso.

M'chipinda chakumapetocho munali masipika awiri aatali ofika pachifuwa, shelefu ya makina pakati pake, ndi mpando umodzi wachikopa umene miyendo yake anaidulira malire pansi ndi tepi kuti usasunthe. Pampandopo sipankakhala munthu wina aliyense, kaya mlendo, kaya woimba mwini nyimbo. Poyesa zingwe a Makutu sankadzukapo, chifukwa akuti khutu limaiwala msanga, ukangoimirira n'kuwerama, zimene unamva zija zapita. Komanso msana unkawavuta. Choncho wokwawa kuseri kwa shelefu anali mayi a Mzime. Lamulo lake linali lakuti bambo atsinzine, mayi asinthe chingwe kapena asasinthe, osanena kanthu, nyimbo ilire, kenaka bambo atchule chimene chalumikizidwa. Ankati kuyesa koona n'komweko, kopanda maso kunamiza makutu. Koma maondo a munthu wamkulu ali pasimenti sadziwa za sayansi. Zaka zingapo zapitazo mayi anatulukira njira yachidule: bambo akatchula chingwe, kaya alasa kaya aphonya, iwo ankangoti eya, n'kugwira shelefu n'kudzuka. Sankaona ngati n'kulakwa. Ankangofuna kukakhala pansi.

A Makutu analinso ndi chizolowezi china. Chingwe chatsopano sichinkalowa pa makina akuda. Tsiku limene chikubwera ankamasula mawaya onse ofikirika, n'kupukuta polumikizira paliponse ndi thonje ndi mankhwala a m'kabotolo onunkha ngati kuchipatala. Ntchito imeneyi yokha ndiyo sankaipatsa munthu, ndipo tsikuli anali ataigwira masana, atakhala pakampando kakafupi, mayi ali kusitolo. Chotsala chinali kukwawa basi. Chingwecho chinali chonenepa ngati paipi yothirira maluwa, chouma khosi, chosafuna kupindika. Ukachikankhira kusoketi chinkatukula ampulifaya, ukakhazika ampulifaya chinkazuka kusoketi. Sichinkayenera kukhudza pansi, ndiye panali timatabwa tochigonekapo, ndipo sichinkayeneranso kugundana ndi mawaya a masipika. Mayi a Mzime analimbana nacho tsaya lili pakhoma, fumbi m'mphuno, bambo ali pampando n'kumawauza kuti achigwire mwaulemu.

Atayatsa, nyimbo inatuluka ngati ya wailesi ya aneba yomvekera kuseri kwa khoma. Besi inalipo, mawu a woimba analipo, koma zonse zinali zofunditsidwa bulangete. Mayi ananena zomwezo akudzisasa fumbi. A Makutu anapendeketsa mutu, namvetsera, n'kuvomera kuti mwina kwada pang'ono, koma sizinawadetse nkhawa.

"Chikadali chachiwisi," anatero. "Chingwe chikhwime kaye. Magetsi ayendemo masiku angapo, muona."

Kukhwimitsa chingwe, kwa inu amene simunakhalepo m'nyumba yotere, ndi kusiya nyimbo imodzimodziyo ikulira mobwerezabwereza, chitseko chili chotseka, dzuwa lituluke, lilowe, litulukenso. Nyimbo yake inali ya mayi wina woimba mwachisoni ndi piyano, ndipo ngakhale chitseko chinali chotseka, besi yake inkadutsa pansi n'kudzagwedeza masupuni m'kabati. Mayi a Mzime ankadzuka nayo, ankasamba nayo, ankakwera nayo basi ili m'mutu. Tsiku lina anangopezeka akuing'ung'uza akupukuta magalasi a kasitomala, mpaka mnzawo wa pakauntala anawafunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta. Anatopa, abale, kutopa kuja koti ngakhale kudandaula umaona ngati ntchito inanso.

Zikanakhala zingwe zokha akanapirira, anali atapirira kale zambiri. Koma panali nyimbo za Mzime. Mzime anali mwana wawo wotsiriza, ndipo dzina la pakhomolo linamukanirira mpaka kukula. Anali woimba, ndipo atavutika zaka zambiri m'makwaya ndi m'maukwati a anthu, anali atajambula chimbale chake choyamba. Bambo ake analumbira kuti nyimbo za mwana wawo sizidzagwiridwa ndi dzanja lina iwo ali moyo. Otulutsa chimbalecho ankachifuna mwezi usanathe, ndipo mwezi unali utapendekeka. Choncho masana a Makutu ankamuimitsa kaye mayi wa piyano uja, n'kugwira nyimbo za Mzime pa chingwe chachiwisi chomwecho, poti nthawi sinkadikira kuti chikhwime.

Tsiku lina Mzime anatulukira kusitolo ya magalasi nthawi ya nkhomaliro, maso ali ofiira. Anadikira kuti bambo wina amalize kudandaula kuti manyuzipepala a masiku ano akulemba tizilembo ting'onoting'ono dala, kenaka anakokera mayi ake pakona ya magalasi a ana n'kuwaika timahedifoni ta foni yake m'makutu. Mayi sanathe ndi mzere umodzi womwe. Mawu a mwana wawo, aja ofewa amene ankatonthoza nawo ana a mchemwali wake, ankabaya ngati singano. Mbale za ng'oma zinkamveka ngati munthu akukhuthula mafoloko pasimenti. Mzime anati zimene bambo anamupatsa poyamba zinali zakuthwa kale, koma za sabata ino zanyanya, mutu ukumuwawa nyimbo isanathe. Anzake a m'bandi anali atanena kale kuti apite nazo kwa munthu wina, ndipo munthu winayo anali atavomera, bola zimufike Lolemba.

"Amayi, ine sindingathe kuwauza. Ndikangoyamba amandionetsa chingwe. Auzeni ndinu."

"Ndiwauze kuti chiyani?"

Mzime anayang'ana kumbali. "Mukudziwa, amayi."

Ankadziwadi. Wogulitsa magalasi a maso amawadziwa anthu otere. Wina amadana ndi nyuzipepala, wina amasintha mababu nyumba yonse, wina amati singano za masiku ano zilibe mabowo, onsewo asanavomere kuti ndi maso. Kunyumbanso zizindikiro zinalipo. Ketulo ya likhweru inali itaumapo madzi kangapo bambo ali pabalaza pomwepo. Foni inkalira m'thumba mwawo iwo n'kumangowerenga. Ankadandaula kuti ana a masiku ano amalankhulira m'kamwa. Ndipo pa makina amene ankakonzera nyimbo panali batani lopotokola la mawu a pamwamba, limene kale mayi popukuta fumbi ankalipeza kamzere kake kataloza m'mwamba, pakatikati. Chaka ndi chaka kamzereko kankapendekera kumanja. Koma munthu amene dzina lake lenileni anthu analiiwala, n'kumangomuti a Makutu, ungamuyambe bwanji? Anamuuza Mzime kuti adikire mpaka Lamlungu.

Madzulo ake anayesa. Akutsuka mbale, msana uli kwa amuna awo, ananena kuti pafupi ndi sitolo yawo pali malo oyeza makutu, ndipo ndi bwino bambo akapiteko. Kumbuyo kunali zii, bambo ankangotakasa tiyi. Mawuwo anali atapita m'madzi otsukira mbale. Atatembenuka kuti abwereze, kulimba mtima kunali kutatha ndi theka, ndiye anangoti tonse takula, tsiku lina tikayezetse limodzi. A Makutu anaseka mpaka kutsokomola. Makutu awa, amene ayeza oimba onse aja, akayezedwe ndi kamakina ka mabatire? Anati mayi apite okha ngati akukayika, iwo akawaperekeza.

Loweruka a Makutu analengeza kuti chingwe chakhwima. Anaitana akazi awo kuti aime kumbuyo kwa mpando, pamalo a alendo, n'kuika nyimbo ya mayi wa piyano uja. Bulangete lija linali pomwepo, silinasunthe ndi pang'ono pomwe. Koma bambo anali atatsinzina, nkhope ili ngwee, dzanja likuyenda m'mwamba ngati akusisita chinthu. Ankati tamverani kumwambako mmene kwatsegukira, tamverani mpweya, ndi zimenezi ndinkazisowa. Mayi a Mzime anamvetsera mpaka kuyamba kukayika makutu awo omwe, poti nawonso sanali mtsikana. Anati eya, mwachizolowezi, n'kupita kukanyika mapazi m'madzi ofunda.

Lamlungu masana bambo anapita kukameta. Mayi analowa m'chipindamo ndi kansalu kopukutira, osati chifukwa cha fumbi, koma kuti mwina mawu oyambira nkhani awapeza mmenemo. Atasuntha katani, pawindo anapezapo kambale ka tiyi, ndipo m'kambalemo munali thonje louma ndi tizitsulo ta golide, topyapyala, totalika ngati chala. Anatidziwa. A Makutu ankatitcha timilatho. Kumbuyo kwa sipika iliyonse kuli polumikizira pawiri: pamunsi podyetsa sipika yaikulu ya besi ndi mawu apakati, pamwamba podyetsa kasipika kakang'ono ka mawu oonda aja. Waya umalowa pamunsi, ndipo timilatho ndi timene timawolotsa nyimbo kupita pamwamba. Bambo anatimasula tsiku lopukuta lija, n'kutiika pawindo kuti tiume, ndipo chimwemwe cha chingwe chinawaiwalitsa. Mayi anayatsa nyimbo n'kugunditsa khutu pa kasipika kakumanzere, kenaka kakumanja. Zii. Masiku onsewa timasipikati tinali tisanalirepo, ndipo kumwamba kotseguka kwa dzulo kuja kunalibeko.

Anakhala pansi, pasimenti pomwepo, kambale kali pamwendo. Sanalire. Anangomva kulemera, ngati munthu amene wasenza katundu mtunda wautali n'kuuzidwa kuti kumene akupita n'kutsogolo ndithu. Kenaka anaganiza nzeru imene inawaonekera yachifundo. Abwezeretse timilatho mwakachetechete. Bambo akabwera aika nyimbo za Mzime, amva okha singano zija ndi makutu awo, adzidzimuka, akonza, ndipo sipakhala wouza mnzake kanthu. Makutu amatha kuchepa mphamvu, inde, koma kusiyana kwakukulu chonchi munthu angalephere bwanji kukumva? Anagwadanso, namanga timilatho tonse bwinobwino, n'kubweza kambale kuseri kwa katani.

A Makutu anabwera akununkhira mafuta a kometera, ali ndi changu chomalizitsa ntchito. Mayi anateleka ketulo kuti manja apeze chochita, n'kuwatsatira. Bambo anakhala pampando, naika nyimbo yoyamba ya Mzime, natsinzina. Mayi ataima kumbuyo anachita kuluma mano. Pa masipika akuluakuluwa zinaposa za pafoni zija: likhweru, mafoloko, singano, zonse pamodzi, mwana wawo akuimba za chikondi ngati akunola mpeni. Anayang'anitsitsa nkhongo ya amuna awo yometedwa kumene, kudikira kuti mutu ugwedezeke, mapewa adzidzimuke. Mtima unkangoti imvani, bambo inu, imvani. Mutu uja unkangovomera pang'onopang'ono motsatira ng'oma.

Nyimbo ili pakati, bambo anati zili bwino ngati dzulo, kungoti kumwamba kukufunikabe kamchere pang'ono. Anatambasula dzanja osatsegula maso, napeza batani lija, nalipotokolera kumanja. Silinayende. Linali litafika kale pamapeto. Analikakamizanso, ndipo mayi a Mzime anachita chimene anali asanachitepo chikwatiwire: anadutsa kutsogolo kwa mpando nyimbo ikulira, n'kuizimitsa.

Anatulutsa kambale kaja n'kunena zonse mwachidule, atayang'anizana nawo kuti pasatayike mawu: timilatho, pawindo, masiku onse aja, ndi kuti atibwezeretsa masana omwewo. Za Mzime ananenanso, ndi za Lolemba. A Makutu anatemetsa nkhwangwa pamwala. Anati n'zosatheka, iwo akanamva. Anati mayi asokoneza chingwe pochigwedeza, tsopano chiyenera kukhwimanso. Anati mafoni a ana amanamiza nyimbo. Ananena zambiri, mawu akukwera. Mayi analibe mphamvu zokangana, anangoima atagwira kambale kopanda kanthu. Bambo atatha mpweya anabwerera ku lamulo lawo lomwe lija, poti ndi lokhalo limene ankalikhulupirira.

"Chabwino. Ndikutsinzina. Chotsani timilathoto kapena musachotse, ine ndikuuzani."

Mayi anagwada kuseri kwa sipika, maondo akulira. Anamasula timilatho tonse, mbali iyi ndi iyo, n'kutifumbata, nayatsa nyimbo. Bulangete linabwerera, ndipo kwa iwo zinali ngati kulowa mumthunzi. Bambo anamvetsera nthawi yaitali kuposa masiku onse, atasendeza mutu kutsogolo, mitsempha ya pakhosi itaima. Mayi ankaona kuti munthuyu sakunama, akufunafuna ndithu, ngati wofufuza kiyi m'thumba lobooka. Anawamvera chisoni kwambiri.

"Tilipo," anatero bambo potsiriza. "Simunachotse."

Eya uja anafika pakamwa yekha, monga ankafikira zaka zonsezi. Akanangomutulutsa, bwenzi atadzuka n'kukapuma, Mzime n'kupita ndi nyimbo zake kwina Lolemba mobisa, ndipo mwezi wamawa kabokosi kena kathabwa kakanapezeka patebulo. Anamumeza. Anayenda chogwada mpaka pampando, natenga dzanja la amuna awo, n'kukhuthuliramo timilatho.

A Makutu anatsegula maso n'kuyang'ana m'dzanjamo. Nyimbo inatha yokha, m'chipinda munati zii, ndipo kukhitchini ketulo inali ikuliza likhweru. Mayi anatembenuzira mutu komweko, mwachizolowezi. Bambo anakuona kutembenukako.

"Ndi ketulo?"

"Ndi ketulo."

"Yayamba kale?"

"Kanthawi ndithu."

Mayi anapita kukaiphula, ndipo anachedwako dala kuti munthu akhale kaye yekha ndi manyazi ake. Atabwerera anapeza zachilendo: a Makutu ali chogwada kuseri kwa sipika, msana wawo wovuta uja atauiwala, akumanga timilatho. Za chingwe palibe anazitchulanso. Chinangokhala pa timatabwa take, chonenepa, chokhwima. Bambo atamaliza anadzuka mogwira khoma, osayang'ana akazi awo kumaso, n'kuloza mpando.

"Khalani apo."

Mayi a Mzime anazengereza, kenaka anakhala. Chikopa chinali chofunda, chitalowa m'kati motsatira thupi la munthu wina, koma msana unapeza potsamira ndipo mapazi anapuma. Bambo anaima pambali pa makina, dzanja lili pa batani. Anati ayambitsa nyimbo ya mwanayo, azibweza batani pang'onopang'ono, ndipo mayi akamva kuti ndi mawu a Mzime amene amawadziwa, akweze dzanja. Anatinso akatha amuimbire foni Mzimeyo abwere mawa m'mawa adzakhale pampandopo yekha, nyimbo ndi zake, ndipo ngati akufunabe kupita nazo kwina, apite.

Nyimbo inayamba, batani n'kuyamba kubwerera kumanzere. Mafoloko anachepa, singano zinayamba kubuntha. Bambo anaima n'kuyang'ana dzanja la akazi awo. Linali pamwendo. Anapitiriza, naimanso, nayang'ananso. Pamene kamzere kaja kanatsala pang'ono kuloza m'mwamba, pamalo ake akale, mpomwe mwana wawo anatulukira pakati pa masipika awiri aja ngati waima m'chipindamo, akupuma asanayambe mzere. Zaka zonse zoima kumbuyo ndi kukwawa kuseri, mayi anali asanamvepo zimenezi. Anakweza dzanja.

A Makutu anawerama n'kuyang'ana batani, pamene linali ndi pamene lafika, nayendetsa chala pampata wonsewo.

"Zonsezi ndi zimene zinapita?"

"Zonsezo, bambo a Mzime."

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kufunsa ngati mayi atopa kapena angathe nyimbo yachiwiri. Mayi anali atatopa zedi. Anati aike.